Za giyabokosi yako ija, msuweni

Eee, msuweni, funso lako ndaliona. Akuti, "Galimoto ikumagunda ikamachoka giya 1 kulowa 2, ndigule oyilo wanji?" Hahaha, oyilo wanji! Iwe ndinakudziwa uli ndi mamina, sukufunsa za oyilo. Wachita mantha basi. Dikira kaye nditseke chitseko, anawa akusokosa... eya.

Ukukumbukira Corolla yoyera ya amalume? Ayi, ndanama, yoyera inabwera itatha nkhani ya mbuzi ija. Yasiliva. Batire itafa tsiku lija anatisonkhanitsa tonse, "Kankhani, ana inu!" Ife kukankha, thukuta kamukamu, eni ake ali phee pachiwongolero, akuti ailize ngati lole yawo yakale. Otomatiki! Siilira chokankha, paja pampu ya oyilo imazungulitsidwa ndi injini, ndiye injini ikakhala chete palibe chogwiritsa magiya. Ife tinkadziwa? Tinakankha mpaka azakhali anakhala pansi ndi phwete. Iwe unkangogwira ndi zala ziwiri, usakane.

Tsono poti amalume sagonja, anaimanga chingwe n'kuikoka ndi pikapu ya anzawo aja, matayala onse anayi ali pansi, mtunda wonse uja. Mkati zitsulo zikuzungulira, oyilo osayenda. Mawa lake agula batire yatsopano, injini yalira bwinobwino, aika pa D, giya yoyendera ija, galimoto ingoti vuuu, osasuntha. Mpaka lero amati anawagulitsa galimoto yoola. Usakawauze kuti ndanena... aa, paja ali m'gulu momwe muno. Pepani amalume, moni.

Ndimati chiyani? Eya. Iwe ukufuna ndikuuze kuti giyabokosi yafa, uigulitse galimotoyo isanakuchititse manyazi. Usagulitse. Yakufa ndi ija ya amalume, injini kukuwa galimoto osayenda. Yako ikugwira, ikungogwira mwaukali, ndipo kawirikawiri amakhala oyilo wachepa kapena wakalamba.

Uyende nayo kaye itenthe, uime pamalo osapendekeka, phazi pabuleki, udutse magiya onse n'kubwerera pa P, poimikira paja. Injini ili chilirire, solola dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo kaja, ya giyabokosi, osati ya injini, ndikukudziwa iwe. Ikanakhala Honda ndikanati uzimitse kaye, koma yako ndi Toyota. Upukutire pakansalu koyera. Wofiira, ali bwino. Wabulauni, watopa. Akakhala wakuda, akununkha chopserera, apo ndiimbire. Akamaoneka ngati mkaka wapinki, ndiye kuti madzi a mu radiyeta alowamo, usayendenso nayo.

Za mtundu wa oyilo, poti unafunsa... werenga padipisitikipo kapena m'buku la galimoto. Pakalembedwa T-IV, ugule T-IV, pakalembedwa WS, WS yemweyo. Wa CVT, mtundu wina uja wa giyabokosi ya otomatiki, ndi winanso, sasakaniza.

Koma imva apa. Makaniko akakuuza zotsuka ndi makina, zija amati flush, kana. Galimoto yakale yoti oyilo sanasinthidwepo zaka ndi zaka, zinyalala zimatakasika n'kukatseka tinjira ta mkati, ena imayamba kuwatererekera giya. Angokhutula wa m'sampu, kabeseni ka pansi pa giyabokosi kaja, amatuluka mwina malita 3 kapena 4, wotsalayo wambiri amakhala mu torque converter, chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi. Asinthe sefa, apukute timaginito ta m'sampumo, athire watsopano. Uyende masabata angapo, ubwerezenso. Ikapitiriza kugunda ndiye aione pakompyuta, mwina ndi solenoid, kachipangizo ka magetsi kotsegula ndi kutseka tinjira ta oyilo. Aonenso mamaunting'i a injini, akang'ambika nawonso amagunditsa ukamaika pa D.

Ndiponso khalidwe lako loponya pa D galimoto ikadabwerera m'mbuyo, usiye. Ndinakuona. Uziima kaye. Poimika, handibuleki kaye, P pambuyo.

Ndiye wamva? Usagulitse, yamba ndi oyilo. Hmm... ndibwerezenso, poti iwe umamvera voisi theka: galimoto isagulitsidwe, giyabokosi isatsegulidwe, mpaka unditumizire chithunzi cha kansalu koyera kaja. Ndipo batire ikafa, usawaimbire amalume.