Kunyanja ndi ana mu Julaye: pitani kumwera kwa Durban, ndipo pa Van Reenen mudutsepo dzuwa lisanalowe

Achemwali, mwati mukufuna kukaonetsa ana nyanja pa holide ya Julaye, wina wa zaka ziwiri wina wa zaka zisanu, muli ndi sabata imodzi, ndipo mwaima pakati: Cape Town kudzera ku Garden Route (chigawo cha m'mbali mwa nyanja kum'mawa kwa Cape Town), kapena mbali ya Durban. Za kubwereka galimoto akuyankheni ena, ine ndimayenda pa yanga. Ndikamba za msewu wa N3, wochoka kuno ku Joni kupita ku Durban, ndi magombe a kumwera kwa Durban, chifukwa n'komwe ndimapita ndi banja langa.

Cape Town muyambe mwaiika pambali. Ndaona angapo akukulimbikitsani kuti mupite kumeneko, ena mpaka aika zithunzi za Table Mountain. Zithunzizo n'zokongola ndithu, koma muwafunse kuti anajambula mwezi uti. Ku Cape mvula imagwa nyengo yozizira, mosiyana ndi kuno ku Joni. Juni ndi Julaye ndiyo miyezi ya mvumbi ndi chimphepo, ndipo madzi a m'nyanja ya Atlantic mwana sangapondemo n'komwe. Ndiye pali mtunda. Kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Cape Town pa N1 ndi makilomita pafupifupi 1,400. Ndi ana a misinkhu imeneyo ndi masiku awiri kupita, awiri kubwera, kugona panjira ku Karoo komwe usiku kumazizira zoopsa. Pa sabata yanuyo patsala chiyani? Ana akaona nyanja pa windo la galimoto basi.

Ku Durban ndi makilomita pafupifupi 570, ulendo wa tsiku limodzi. Nyanja ya kumeneko ndi ya Indian, ndipo madzi ake amakhala ofunda chifukwa amatsika kuchokera mbali ya Mozambique. Mu Julaye masana kumafika madigiri 22 kapena 23, mvula ndi yochepa, ndipo chinyontho chomata thupi cha mu Disembala kulibe. Pomwe ife kuno tikupala chisanu pa galasi la galimoto m'mawa, kumeneko ana amasewera pamchenga atavala kabudula.

Koma chimene chandichititsa kuti ndilembe ndi msewu. Anthu ambiri amati nyamukani usiku kuti ana agone m'galimoto, mufike m'mawa. M'chilimwe mwina. Mu Julaye ayi, chonde ayi. Mukadutsa Harrismith, pafupifupi theka la ulendo, mumafika pa Van Reenen's Pass, pomwe msewu umatsika mapiri a Drakensberg kuchoka ku Free State kulowa KwaZulu-Natal. Pamenepo pali makona, mphepo yamphamvu, nkhungu yotseka maso, ndi mathiraki ankhaninkhani, pakuti katundu wochoka pa doko la Durban kubwera ku Gauteng amadutsa msewu womwewo usana ndi usiku.

Ife chaka china tinachoka kuno masana chifukwa cha ntchito, ndipo mdima unatipeza tisanafike pa Van Reenen. Tinapeza mndandanda wa magalimoto utaima. Thiraki inali itagwa kutsogolo n'kutseka njira. Kubwerera kosatheka, kupita kosatheka. Nkhungu inatsika mpaka nyale za galimoto ya patsogolo pathu kumaoneka mwa apo ndi apo. Mafuta anali atachepa, ndiye injini timailiza pang'ono kuti mutenthe, n'kuzimitsanso. Mukazimitsa, sipatenga nthawi kuzizira kwalowa kale. Wamng'ono wathu anayamba kutsokomola ndi kulira, mayi ake anamuika mkati mwa juzi yawo n'kumufunditsa chitenje pamwamba. Wamkulu akufuna kuchimbudzi, kunja kuli mdima ndipo mathiraki ali mbali zonse. Tinakhala pamenepo mpaka pakati pa usiku. Holide yonse mwanayo anaithera ndi chifuwa, m'madzi sanalowemo. Mpaka lero ndikamva munthu akulangiza mayi wa ana ang'ono kuti ayende usiku pa N3 nyengo yozizira, mtima umandiwawa.

Ndipo ife tinapulumuka mosavuta. Mukumbukira Sepitembala 2024, chipale chofewa chitagwa n'kutseka N3 chigawo chomwecho? Anthu anagona m'magalimoto ndi m'mabasi, opanda chakudya, mpaka kunamveka maliro chifukwa cha kuzizira. Imeneyo inali Sepitembala, nyengo yozizira itapita kale. Ndiye mu Julaye musanyamuke musanaone zanyengo. Akalengeza kuti kukubwera cold front (mphepo yozizira yobweretsa chisanu), dikirani tsiku limodzi, nyanja sithawa.

Mmene timachitira ife tsopano: timanyamuka cha m'ma 5 koloko m'mawa, ana ali m'zovala zogonera, titawakulunga mabulangete. Dzuwa limatituluka tili cha ku Villiers, ndipo pa Harrismith timaima nthawi yokwanira, kudya, kusintha ana zovala, kuwasiya athamangethamange. Pamenepo thirani mafuta mpaka thanki idzaze ngakhale muone ngati akwanira. Pa Van Reenen timatsika dzuwa litakwera, nkhungu itabalalika. Potsika ana ena amadandaula makutu, chifukwa mukuchoka pamwamba kwambiri. Wamng'onoyo mumupatse choyamwa kapena madzi, wamkulu atafune kanthu. Malo ena ofunika kusamala ndi Town Hill polowa mu Pietermaritzburg, potsetsereka pomwe mathiraki amayenda pang'onopang'ono. Kuchoka apo mpaka ku Durban akhala akukulitsa msewu kwa zaka zingapo, choncho muonjezere nthawi pa mawerengedwe anu. Foni ikakuuzani maola 6, inu ndi ana muwerengere 8. Dzuwa ku Durban mu Julaye limalowa itangodutsa 5 koloko madzulo, ndiye mufike lisanalowe.

Chinanso cha nyengo imeneyi ndi moto wolusa. Udzu wa ku Free State umakhala wouma gwa, ndipo utsi ukadutsa pamsewu simuona kanthu. Musalowemo mothamanga.

Ma toll gate alipo asanu: De Hoek, Wilge, Tugela, Mooi River ndi Mariannhill. Onse pamodzi, galimoto yaing'ono, sungani cha m'ma R350 kupita kokha, ndipo mitengo imakwera chaka ndi chaka. Mukhale ndi ndalama m'manja, musadalire khadi lokha. Mafuta pa galimoto yaing'ono ndi cha m'ma R1,000 kupita, mwina kupitirirapo. M'galimoto musasowe bulangete la aliyense, madzi akumwa ambiri, fulasiki ya tiyi, buledi, tochi, ndi mapepala apulasitiki a mwana wosanza. Wa zaka ziwiriyo akhale pa mpando wake wa ana womangidwa bwino. Lamulo la kuno kuyambira 2015 limati mwana wosakwana zaka zitatu ayende pa mpando umenewo. Ndikudziwa kuti ife tinazolowera kufukata mwana pamiyendo, koma pa liwiro la 120 manja a mayi sangamugwire galimoto ikaima mwadzidzidzi. Ngati mulibe, bwerekani kwa anzanu a kutchalitchi.

Tsopano kofikira. Ine ndimakonda Scottburgh, makilomita pafupifupi 60 kumwera kwa Durban pa N2. Ndi katauni kakang'ono, kopanda phokoso. Pamwamba pa gombe pali kapinga woti n'kuyala chitenje n'kukhala pansi uku mukuona ana, ndipo pali dziwe lomangidwa pamiyala lomwe madzi a m'nyanja amalowamo okha. Kwa ana a misinkhu yanuyo dziwe limenelo ndiye nyanja yawo. Pafupi pomwepo pali Crocworld, komwe akaona ng'ona, njoka ndi mbalame tsiku lomwe kuli mphepo. M'mawa kukakhala bata muziyang'ana kutali m'madzi, chifukwa imeneyi ndi miyezi yomwe anamgumi amadutsa kupita kumpoto, ndipo nthawi zina amaoneka muli pamtunda, osalipira kanthu. Margate ili kutsogolo, cha m'ma kilomita 130 kuchoka ku Durban. Ili ndi zambiri koma pa holide imadzaza anthu, ndipo ola lowonjezera m'galimoto ndi ana otopa si laling'ono.

Pali nkhani imodzi yomwe sindinaone wina ataitchula. Juni ndi Julaye ndi nthawi ya sardine run, pomwe nsomba za sardine zimabwera zochuluka kuchokera kumwera kutsata gombe, ndipo m'mbuyo mwake mumabwera ma shaki, ma dolphin ndi mbalame. Nthawi imeneyo a KwaZulu-Natal Sharks Board amachotsa maukonde otchinga ma shaki m'magombe ambiri a South Coast kuti nyama zisakodwemo, ndipo maukonde akachotsedwa kusambira kumaletsedwa. Mutha kufika, kunja kuli dzuwa labwino, koma pagombe pali chikwangwani choletsa kulowa m'madzi. Muwauziretu ana kuti mwina akasewera pamchenga ndi m'dziwe basi, kuti asakalire. Komabe mukachita mwayi nsombazo n'kufika muli pomwepo, ndi chinthu choti ana sadzaiwala: asodzi akukoka makoka, anthu akuthamanga ndi mabeseni ndi mabigiri, nsomba zikugulitsidwa m'makireti pamchenga pomwepo. Mwana mumugwire dzanja pamenepo, chipwirikiti chake n'chachikulu.

Za madziwo ndinene mosabisa. Ambirife tinakulira ku Salima, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, komwe munthu umayenda m'madzi mtunda ndithu akadali m'chiuno. Nyanja iyi si choncho. Funde limabwera n'kukugwetsa, pobwerera limakukokera mkati, ndipo pali malo ena omwe amaoneka abata koma ndi pomwe madzi akuthamangira kubwerera kuya. Muzilowa pokhapo pomwe pali ma lifeguard (opulumutsa anthu m'madzi), pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu. Wa zaka ziwiri asachoke m'manja mwanu ngakhale madzi ali m'mapazi. Ndipo musamusiyire wa zaka zisanu kuti ayang'anire mng'ono wake pomwe inu mukujambula zithunzi. Pakamwa pa mitsinje ana asasewerepo. Chiyambire madzi osefukira a mu Epulo 2022, magombe ena a ku Durban akhala akutsekedwa nthawi ndi nthawi chifukwa cha zonyansa zolowa m'madzi, choncho muzifunsa tsiku lomwelo ngati gombe ndi lotsegula.

Tsiku limodzi mutha kupita mu Durban ku uShaka Marine World kuti akaone nsomba ndi ma shaki kuseri kwa galasi. Munthu wamkulu ndi kupitirira R200, ana ndi chotsikirapo. Mupite m'mawa, pakati pa sabata. Loweruka loyamba la Julaye kumakhala mpikisano wa mahatchi wa Durban July, tauni imadzaza ndipo malo ogona amakwera mtengo, ndiye masiku amenewo apeweni.

Malo ogona funani nyumba yoti muziphika nokha. Ya zipinda ziwiri pa holide ya sukulu ndi cha m'ma R1,000 mpaka R1,500 pa usiku, kutengera kuyandikira kwa gombe. Popeza ana anu sanayambe sukulu yeniyeni, ngati kuntchito angakuloleni mupite sabata yotsatira sukulu zitatsegulira, mitengo imatsika ndipo gombe limakhala lanu. Chenjerani ndi otsatsa nyumba pa Facebook ndi pa WhatsApp omwe amafulumiza kuti tumizani dipoziti lero lomwe, ena akufunanso. Mtengo ukatsika mokayikitsa, nyumba ya pagombe penipeni R500, dziwani kuti pali mbava. Anthu amafika ndi ana ndi zikwama n'kupeza eni nyumba sakudziwa kanthu. Lipirani kudzera pa malo odziwika, kapena kwa munthu yemwe wina womudziwa anagonako kale. Mufunsenso ngati pali mabulangete okwanira, chifukwa nyumba zambiri za kunyanja anazimangira kutentha ndipo usiku wa Julaye kumazizira ndithu. Mawindo muzitseka mukamachoka ngakhale mukakhala kuchipinda. Apusi a kumeneko amalowa mpaka kukhitchini, ndipo amatha kulanda nthochi m'manja mwa mwana.

Mapepala anu akhale pafupi, osati pansi pa sutikesi: mapasipoti, ma permit, laisensi ya woyendetsa, ndi makalata a kubadwa a ana. Nthawi ya holide apolisi amachuluka pa N3. Tenganinso timabuku ta kukiliniki ta ana onse awiri, mankhwala otsitsa kutentha thupi ndi a chifuwa, kuti musamafunefune famase usiku m'tauni yomwe simukuidziwa.

Ufa musavutike kunyamula, mukaupeza m'sitolo iliyonse. Koma mthiko ndi chipande muike m'chikwama, ndi poto wanu wa nsima ngati malo alipo. M'nyumba zobwerekazi mumapeza timapoto topyapyala ndi masipuni apulasitiki, ndipo mwana wa zaka ziwiri akadya chipisi masiku awiri, lachitatu afuna nsima. Mukasankha masiku mutiuze, ndikuuzani malo ena oimapo abwino pakati pa Estcourt ndi Howick.