Za batire lokutha usiku ndi makaseti a malemu bambo anu

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri ndisanayankhe. Mwati Corolla yanu ikagona usiku umodzi, m'mawa imafuna kukankha ngakhale kuti batire munagula chaka chathachi, ndipo mwafunsanso mmene mungasanjire nyimbo zanu zimene zangoti mbwee: makaseti amene anasiya malemu bambo anu, ma CD, ndi zina za m'foni ndi pa fulashi imene wailesi ya m'galimoto imaikana masiku ena. Anzathu ambiri pano akuuzani kuti mugule batire lina. Ine ndikupemphani kuti ndalamazo muyambe mwazisunga, chifukwa ndikuganiza kuti mafunso anu awiriwa ali ndi muzu umodzi, ndipo muzuwo ndi wailesi ija mwati munaiikitsa posachedwapa pamodzi ndi ampulifaya.

Zoterezi zinandichitikira inenso. Ndinaikitsa wailesi ndi ampulifaya kwa mnyamata wina wa zamagetsi ku Moatize, n'kukwera mtunda kubwerera kwathu ku Ulongwe nyimbo zikugunda bwino, mtima uli mbee. Patangopita masiku atatu, m'mawa wina wa mwezi wa June, ndinapotoza kiyi ndipo galimoto inangoti kete, osalira. Popeza kuno ku Angonia, m'dziko la Mozambique, June ndi mwezi wa chisanu, ndipo n'zoona kuti kuzizira kumafoola batire, ndinanamizira nyengo, n'kuitana ana a m'mudzi kuti akankhe. Ndinagula batire latsopano, nalonso linatha chimodzimodzi. Chimene chinandiululira mlanduwo ndi kagetsi kakang'ono kabuluu kamene ndinakaona kakuyaka pansi pa mpando usiku wina nditapita kukatenga tochi, makiyi ali m'thumba mwanga. Ampulifaya ija inali isanagonepo chiiikireni.

Kumbuyo kwa mawailesi ambiri ogula padera kumakhala mawaya a mitundu yodziwika. Wachikasu umalandira moto nthawi zonse kuchokera ku batire, ndipo ntchito yake ndi yongosunga nthawi ndi masiteshoni. Wofiira uyenera kulandira moto pokhapokha kiyi akafika pa ACC, paja mumapotoza pang'ono wailesi n'kuyaka injini isanalire. Wakuda umapita ku chitsulo cha galimoto, ndipo wabuluu wa mzere woyera ndi umene umadzutsa ampulifaya wailesi ikayaka. Mmisiri wofulumira amangopota wofiira ndi wachikasu pamodzi n'kulumikiza ku moto wosazima, kapena kudumphitsa waya wodzutsa ampulifaya uja ku batire, ndipo inu mumachoka mukuyamika kuti zonse zikulira, osadziwa kuti mwatenga mlendo wodya usiku.

Kuti mutsimikize simufunika chipangizo chilichonse. Madzulo ano, mutayenda ulendo woti batire ladzaza, zulani fyuzi ya wailesi ndi fyuzi yaikulu imene imakhala pa waya wonenepa wa ampulifaya pafupi ndi batire, kenako mugone. Galimoto ikalira yokha m'mawa, wakuba mwamupeza. Ngati mungabwereke multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, batire labwino limene lapuma liyenera kuonetsa mavolti pafupifupi 12.6, ndipo injini ikamalira liyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4. Likapanda kukwera, vuto lili ku alternator, chipangizo chimene chimadzaza batire injini ikamalira, kapena lamba wake wakhwepa, ndipo nkhani ya wailesi muisiye kaye. Muyang'anenso mitu ya batire: ufa woyera uja umatchinga moto, ndipo umachoka ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda. Inu amene mumakhala kumunsi kotentha ku Tete, ngati batire lanu ndi la zivindikiro, muziona madzi ake kawirikawiri, n'kuthiramo madzi a batire okha, osati asidi kapena a pa mjigo. Kutentha kwa ku Tete kumapha mabatire ambiri kuposa chisanu cha kwathu kuno. Chisanu chimangoulula limene linafooka kale.

Tsopano za nyimbo, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene mungataye chinthu chosagulika. Mwalemba kuti makaseti ali m'katoni m'buti. Chonde atulutseni lero lomwe. M'miyezi ya October ndi November mzinda wa Tete umapitirira madigiri 40, ndipo m'galimoto yotseka magalasi mumatentha koposa pamenepo. Ine ndinasiya kaseti imodzi pa dashibodi kwa maola atatu okha, nditaimika galimoto chapafupi ndi mlatho wa Samora Machel. Pobwera ndinapeza chikhokho chake chapindika ngati chikonyo cha chimanga chowamba, tepi ya m'kati itachita mafunde. Inali kwaya ya kwathu imene bambo anajambula ndi wailesi yawo ya mabatire, ndipo mawu a malemu mayi anga ankamveka pamwamba pa onse. Ina yofanana nayo kulibe pa dziko lonse. Ma CD nawonso sagwirizana ndi dzuwa, makamaka ojambulitsa pa kompyuta aja, amene utoto wake umafwifwa nyimbo n'kuyamba kudumpha.

Chifukwa cha zimenezi, kusanja kwanga sikuyamba ndi kufunsa kuti iyi ndi marrabenta, iyi kizomba, iyi ya kutchalitchi. Ndimayamba ndi funso lakuti: itatayika, ndingaipezenso? Nyimbo za oimba otchuka, a kuno kapena a ku Malawi, ambiri mwa iwo mudzawapeza kwa mnzanu, pa msika kapena pa intaneti, choncho zingathe kudikira. Zimene siziyenera kudikira ndi zojambula pakhomo: kwaya ya pa parishi, ukwati wa azakhali, ngoma ya Angoni pa mwambo wa amfumu, chimtali cha amayi, kapena pulogalamu ya Chinyanja imene bambo anajambula pa Rádio Moçambique. Ambirife makolo athu anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, n'kubwerako pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa pa 4 October 1992, ndipo m'mitolo imene anasenza pobwerera munali makaseti, ena a nyimbo, ena a mauthenga amene achibale ankatumizirana pamene kalata sinkafika. Musadabwe mukapeza kaseti yolembedwa dzina la gulu loimba koma m'kati muli agogo anu akupereka moni kwa ana awo. N'chifukwa chake iliyonse muyenera kuimvera, osangokhulupirira cholembedwa pa chikuto.

Gulani kope la ana a sukulu. Kaseti iliyonse muipatse nambala pa kapepala komata, ndipo m'kopemo mulembe nambalayo, zimene bambo analemba pa chikuto monga momwe analembera, ndi zimene mwamva inu. Musanaiike m'makina, thyolani timapulasitiki tiwiri ta pamwamba pake, kuti chala chikaphonya n'kudina batani lofiira musafufute chimene mukufuna kupulumutsa. Kaseti imene yakhala zaka zambiri osalira imamatana, choncho muipukuse pang'onopang'ono ndi bolopeni ya makona mpaka kumapeto n'kubwereranso. Mutu wa makinawo ndi kagudumu ka labala kamene kamakoka tepi muzipukute ndi thonje lonyowetsa mu sipiriti, mudikire ziume, ndipo muyambe mwayesa ndi kaseti yopanda ntchito, chifukwa makina okalamba amatafuna tepi ndipo satafuna mosankha.

Kusamutsira mu kompyuta n'kosavuta monga anthu amaopera, kungoti kumadya nthawi. Mumalumikiza waya kuchokera potulukira mawu pa makina a kaseti kupita polowera mawu pa kompyuta, n'kujambula ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Audacity. Laputopu zambiri za masiku ano zilibe polowera potero, ndiye pamafunika kachipangizo ka mawu ka USB. Kaseti ya C90 ndi mphindi 45 mbali iliyonse, ndipo muyenera kukhala pomwepo mphindi zonsezo, palibe chidule. Musakweze mawu mpaka mizere yoonetsa kukula kwa mawu pa kompyuta kufika pofiira. Ndi bwino zimveke motsika pang'ono kusiyana n'kuti zisweke. Choyamba musunge ngati WAV, mtundu wa fayilo yosunga mawu onse osachepetsa, imene imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, kutanthauza kuti C90 yathunthu imayandikira 1 GB. Kuchokera pamenepo ndiye mupange MP3 ya m'galimoto ndi ya m'foni, imene pa 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi. WAV ija ndiyo mbewu. Musaitaye poti mwapeza ufa. Makasetiwo mukatha muwaimike chilili m'bokosi, pamalo ouma, kutali ndi masipika chifukwa maginito ake amawononga tepi, komanso osati pansi pa simenti, poti kuno dzinja likafika nkhungu simachita manyazi.

Ndinenepo chimodzi chapambali. Mukapeza zojambula za gule zimene mukuona kuti sizinali za pabwalo, musafulumire kuzimwaza pa WhatsApp. Zisungeni ndithu, koma mufunse kaye akuluakulu a kwanu. Bambo anu ankadziwa chifukwa chimene kasetiyo ankaisungira pansi pa zinzake.

Pa mayina a mafayilo ndi pamene ife a m'malire timasokonezeka kuposa ena. Mawu amodzi omwewo wina amawalemba mwa Chimalawi, wina mwa Chipwitikizi: uyu ny, uyo nh, uyu ch, uyo tch, uyu Ulongwe, uyo Ulónguè. Kompyuta imaona ngati ndi zinthu ziwiri, ndipo ine nditayamba kusanja ndinapeza nyimbo imodzi ili kanayi, pena ndi dzina, pena Track 07, pena ndi dzina lalitali la manambala loyamba ndi AUD limene WhatsApp imapereka. Sankhani kalembedwe kamodzi ndipo musakasinthe. Ine ndimapanga foda ya woimba, m'kati mwake foda ya chimbale yoyamba ndi chaka ngati ndikuchidziwa, kenako nyimbo zoyamba ndi 01, 02, 03, osati 1, 2, 3, chifukwa makina ena amaika 10 patsogolo pa 2. Zilembo za tizipewa ndi timichira monga ã ndi ç ndimazipewa, popeza mawailesi ambiri amazisandutsa timabokosi. Dzina limene limaoneka pa wailesi kawirikawiri silichokera pa dzina la fayilo koma pa zolembedwa m'kati mwa fayiloyo, ndipo limakonzedwa ndi pulogalamu ngati Mp3tag. Zimene sindikuzidziwa ndimaziponya mu foda yotchedwa Osadziwika, ndipo foda imeneyi ndi imene yandipatsa chisangalalo chachikulu: ndimawaseweretsera amalume pakhonde Lamlungu masana, iwo n'kutchula woimba, mudzi wake, ndi maliro kapena ukwati kumene anaimva koyamba.

Fulashi imene wailesi ikuikana, nthawi zambiri mlandu wake ndi umodzi mwa iyi. Mawailesi ambiri, makamaka akale, amawerenga kakonzedwe ka m'kati mwa fulashi kotchedwa FAT32 kokha, pamene mafulashi akuluakulu a 64 GB kupita m'tsogolo amabwera ndi kakonzedwe kena kotchedwa exFAT. Choncho ya 16 kapena 32 GB ndiyo yosavuta. Zochokera pa WhatsApp zambiri si MP3 koma opus kapena m4a, ndipo wailesi imangozidumpha mpaka mutazitembenuza. Palinso kachilombo ka kompyuta kamene kamatengedwa kwa anyamata olowetsa nyimbo m'mafoni pa msika, kamene kamabisa mafoda n'kusiya zithunzi zake zokha. Sindikunyoza ntchito yawo, inenso ndimapitako, koma ndili ndi fulashi yakeyake ya kumeneko, imene sikhudza kompyuta yanga isanapimidwe. Mukaona kuti nyimbo zikulira mosatsata manambala, dziwani kuti mawailesi ena amatsata ndondomeko imene mafayilo analowera mu fulashi, ndiye muifufute yonse n'kukopera foda imodzi imodzi.

Ya m'galimotoyo muiyese ya ulendo chabe, yoti ikapsa ndi dzuwa kapena kutsalira m'thumba la mwana wotsuka galimoto musagone ndi njala. Zenizeni zikhale mu kompyuta, zina pa hard drive ya padera, ndipo zosapezekanso zija mukopere kachitatu n'kukasiya kwa mlongo wanu kapena m'bale wina wa nyumba ina, chifukwa wakuba ndi moto akalowa satenga chinthu chimodzi.

Za makaniko, mukapita musangonena kuti batire likutha, chifukwa adzakugulitsani lina. Muwauze kuti mukufuna waya wofiira upite ku ACC, wodzutsa ampulifaya uchoke ku wailesi, ndipo muime pomwepo mpaka muone ndi maso anu kuti kiyi akazulidwa kagetsi kazima. Batire limene latha kangapo mpaka pansi limakhala litavulala, choncho mwina mudzagulabe lina, koma mugule mawaya atakonzedwa. Mawa mutiuze pano ngati galimoto yalira yokha fyuzi itazulidwa. Ndipo ngati mulibe makina a kaseti, anga akugwirabe ntchito. Mukadzakwera kuno ku Ulongwe mudzabwere ndi makaseti asanu oyamba, atakulungidwa mu nsalu pansi pa mpando osati m'buti, komanso bolopeni, chifukwa batani lobwezera m'mbuyo linathyoka kalekale.