Kwa mayi amene mnyamata wawo wangosiya kuyankhula pakhomo

Mayi inu amene mwalemba osatchula dzina, ndawerenga zonse. Mwati mnyamata wanu wa zaka 15, wa Fomu 2, wasiya kupita ku mpira, akumangodzitsekera kuchipinda ndi foni, mukamufunsa kanthu akumakuzazirani, bambo ake ali ku Joni, nde mukufuna kudziwa ngati ndi chamba, mwano kapena wina wamupanga chipongwe, komanso ngati kuli bwino kungomutumiza kwa bambo akewo. Makomenti ambiri apa ndaona akuti mukwapuleni, ena akuti pitani naye kwa asing'anga. Ine ndimaphunzitsa pa CDSS ina konkuno ku Mangochi, ana a msinkhu umenewu ndimaswera nawo, nde mundipirire ndilemba zazitali.

Chikwapucho chisiyeni kaye. Mwana wamwano amachita mwano inde, koma mpira sasiya, nsima amadya mpaka kukombeza mbale, anzake akamuimbira likhweru panja amatuluka chothamanga. Wanuyu wasiya zinthu zomwe iye mwini amazikonda, apa nde pakuonetsa kuti china chake chikumudya mkatimu. Ife tikamva zoti munthu akuvutika maganizo timathamangira kuganiza za Zomba Mental, za munthu wovula zovala pamsika. Sizimayambira pamenepo ayi. Zimayambira pa zomwe mwana akumva mumtima, kaya ndi mantha, manyazi, mkwiyo, kudziona wachabe, komanso mmene akukhalira ndi anthu omuzungulira, kaya ali ndi mnzake woti angamuululire zakukhosi, kaya pakhomo amamumvetsera kapena amangomuitana pomutuma basi. Ziwirizi zimayendera limodzi, china chikagwa chinzake chimatsatira. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi amakhala ndi vuto la maganizo, nde ndi mmene makalasi athu amadzadzira werengetsani nokha kuti ndi angati akungokhala chete pa desiki.

Komanso pa msinkhu umenewu ubongo umakhala usanamalize kukhwima. Mbali yakutsogolo, yomwe imathandiza munthu kudzigwira ndi kuganizira za mawa, imakhwima mochedwa, cha m'zaka za m'ma 25, pomwe mbali yotengeka mtima imakhala yadzuka kalekale. Ndichifukwa chake kusekedwa ndi anzake, komwe inu ndi ine tingati ndi zazii, kwa iye kumakhala ngati dziko latha.

Ndinaonapo mnyamata wina mkalasi mwanga, wanzeru ndithu, anangoyamba kukhala kumbuyo kwenikweni, nthawi ya buleki osatuluka, akatuluka amaima chotsamira khoma mpaka belu lilire. Ukamufunsa, "bhobho aphunzitsi", basi. Kumbe buluku lake la yunifomu linang'ambika kumbuyo, mayi ake anasoka ndi ulusi wofiira poti ndi umene unalipo, anzake anamujambula nkuponya pa gulupu ya WhatsApp ya kalasi, nkumupatsa dzina. Kunyumba amaganiza kuti wayamba kusuta. Panalibe chamba olo pang'ono, anali manyazi okhaokha, ndipo mayi akewo sakanawauza poti akanaoneka ngati akunyoza kusoka kwawo.

Nde kuno kwathu pali zina zomwe zimapanikiza anyamata kwambiri. Nyumba zambiri kuyambira ku Namwera, Katuli mpaka Makanjira abambo ali ku Joni, ndalama zimabwera koma mawu a bambo sabwera, foni ikalira ndi "fizi ndatumiza, ukukhoza?" basi yatha. December ikafika anzake omwe anasiya sukulu ku pulayimale akubwera ndi njinga yamoto, nsapato zodula, foni yaikulu, ena akugona panyanja usiku umodzi mmawa ali ndi ndalama ya usipa m'thumba, iye akadali kupempha ya sopo kwa amayi. Akayang'ana MSCE akuona kutali. Kuonjezera apo anachokera ku jando atauzidwa kuti tsopano ndiwe mwamuna. Sindikunyoza mwambo, ndinadutsamo nane ndipo ulemu tinauphunzira kumeneko, koma anyamata ambiri amatengapo zoti mwamuna salira, mwamuna sadandaula kwa mayi ake. Nde chisonicho chisowa potulukira chimatulukira mu mkwiyo. Kukuzazirani kumene mukunenako nthawi zambiri ndi kulira kwa mnyamata.

Poyankhula naye musachite zoitanitsa bwalo, iye pansi, inu ndi azakhali ndi agogo pampando. Sangatsegule pakamwa. Anyamata amayankhula bwino manja akugwira ntchito, maso asakuyang'anizana. Mutengeni akuperekezeni kuchigayo kapena mukhale naye mukutongola chimanga, nkungoti "ndaona kugraundi sukupitako masiku ano, kwachitika chani?" Mukatero khalani chete, ichi nde chovuta kwa makolofe. Akati palibe musiyeni, mawa lake muyesenso mwina. Akayamba kufotokoza musamudule ndi "ife nthawi yathu timapita kusukulu opanda nsapato", ndi zoona koma akamva zimenezo amatseka ndipo satsegulanso msanga. Chinanso chonde, zomwe wakuuzani zisakamveke pa mjigo. Akazimva kwa mwana wa aneba mwamutaya.

Mwinanso inu simungakhale woyamba kumumasula, musakhumudwe nazo. Amalume ake alipo? Kwathu kuno malume ndi mwini mbumba, koma tinawasandutsa oitanidwa pokhapokha mwana akalakwa. Apempheni amutenge tsiku lina kokayenda, kaya kugombe kaya kukaonera Bullets ndi Wanderers, opanda ulaliki. Kochi wa timu yake, ashehe akumadrasa kapena abusa amene iye amawamasukira, nawonso akhoza. Bambo akewo muwauze aziimba nthawi zina osatchula za ndalama kapena mayeso, angocheza naye za mpira mphindi zochepa. Koma zomutumiza ku Joni ine ndikukana. Mwana wa zaka 15, sukulu yadukira panjira, anzake wawasiya, mapepala mwina alibe, bambo ake amachoka mbandakucha kubwera usiku, nde azikakhala yekha mchipinda kuopa apolisi ndi Lindela, komwe amatsekera anthu opanda mapepala asanawabweze kwawo. Mukhala mwangosamutsa vuto kulipititsa komwe simungalione.

Za foni musailande mwaukali, mwina mnzake yekhayo amene akumulimbitsa mtima ali momwemo. Koma gwirizanani kuti usiku izigona pabalaza. Wachinyamata amafunika tulo ta maola 8 mpaka 10, nde amene akugona 2 koloko usiku akusuzumira TikTok mmawa angalephere bwanji kukwiya. Muonenso ngati sanalowe zobetcha mpira, anyamata ambiri akumira mu ngongole za anzawo mwakachetechete nkumaopa kutuluka panja. Chamba nacho sindikuti sichingakhalepo, fungo, maso ofiira ndi kusowa kwa ndalama mnyumba zimaulula, koma olo mutachipeza funsani chomwe akuthawa, ambiri amasuta kuti aiwale kanthu.

Tsopano apa mumvetsetse. Ngati kukhumudwaku kwadutsa masabata awiri osasintha, sakudya, sakugona kapena akungogona tsiku lonse, akuonda, pitani naye kuchipatala cha boma pa Boma pompa kapena ku Monkey Bay ngati ndi kufupi, mukafunse oona za matenda a maganizo. Akamuyezenso m'thupi, kuno kunyanja likodzo ndi kuchepa magazi zimafoola ana mpaka kuoneka ngati aulesi. Akayamba mawu ngati "bola ndingofa", "ndikukuvutitsani, posachedwa mupuma", kapena kugawa zinthu zake zomwe amazikonda, kudzicheka, kumva mawu omwe ena sakuwamva, musadikire mawa ndipo musamusiye yekha. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, kufunsako sikumupatsa maganizowo ayi, ambiri amapepukidwa kuti wina wazindikira. Mankhwala a makoswe, a m'munda ndi mapilisi achotseni mnyumba. Pali nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane yomwe amayendetsa a YONECO aku Zomba, mutha kuimba inuyo kapena kumupatsa aimbe yekha ayankhule ndi aphungu. Kupemphera pempherani ndithu, dua ichitike, koma kuchipatala mupitenso, sizitsutsana.

Amene muli ndi atsikana mukuwerenga apa ndi chimodzimodzi, kungoti iwo akasowa owamvetsera pakhomo amapezeka ndi wina kugombe wodziwa kumvetsera ali ndi ndalama m'manja, tonse tikukumbuka mmene boma lathu la Mangochi linamvekera ndi mimba za ana mu 2020 sukulu zitatsekedwa ndi Covid.

Mayi, sabata ikubwerayi kaonaneni ndi aphunzitsi a kalasi yake mufunse kuti amakhala ndi ndani pa buleki komanso anayamba liti kusintha, ife timaona zambiri zomwe kunyumba sizioneka. Koma mumuuze kaye iyeyo kuti mukupita ndipo simukukamuneneza, asakangokuonani mwatulukira pa geti anzake akuona.