Geni ya pa Mwami ukakhala wekha

Mng'ono wanga, wafunsa kuti malonda a ku Malawi amayenda bwanji, nanga ndimadziwa bwanji zoti ndiode popeza ndilibe wopangana naye nzeru.

Ulendo wake si wovuta: takisi kuchoka mu Chipata mpaka pa boda ya Mwami, kudinditsa, kenako Mchinji, Lilongwe. Chitsegulireni boda yatsopano mu December 2022, umaima kamodzi kokha, a ZRA ndi a MRA, otolera misonkho a Zambia ndi a Malawi, amagwirira ntchito pamodzi. Ife ang'onoang'ono timadalira STR, ndondomeko yofewetsa malonda ang'onoang'ono a pa boda, ya bungwe la zamalonda la mayiko a m'chigawo chino la COMESA. Katundu wosapitirira madola 2,000, wopangidwa kapena wolimidwa m'dziko lomwe wamugula, amenenso ali pa mndandanda umene mayiko awiriwa anagwirizana, salipira duty. Misonkho ina ilipobe, usanamizidwe. Pita pa desiki ya TIDO, wothandiza amalonda pa bodapo, ukaone mndandandawo usanagule kanthu, chifukwa chitenje chochokera kutsidya kwa nyanja sichikhala cha ku Malawi kaamba koti wachigula ku Lilongwe.

Tsono nkhani yokhala wekhayo. Mumsika mulibe woti akuletse. Wogulitsa akukunyengerera, wosintha ndalama akukufulumizitsa, dzuwa likupendeka, ndiye mutu sugwira. N'chifukwa chake masamu ndimachitira kunyumba, m'kope. Ndimayamba ndi mtengo womwe mpunga wa Kilombero kapena usipa ukugulidwa pa msika wa Kapata mu Chipata sabata imeneyo. Pamenepo ndichotse thiransipoti, onyamula matumba, msonkho, chakudya cha panjira, zotayika posintha kwacha yathu ndi ya kwawo, ndi phindu langa. Chotsalacho ndiwo mtengo wooda. Akakweza kuposa pamenepo ndimasiya, ngakhale katunduyo akongole chotani. Kubwerako chimanjamanja kumawawa, koma mpamba umakhala uli m'thumba.

Kwachazi zimapusitsa. Malawi itatsitsa mphamvu ya ndalama yake ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zinaoneka zotchipa, anthu n'kuthamangira kaloba kuti akaode zambiri. Posakhalitsa mitengo kumeneko inakwera, ngongole ili pakhosi. Kaloba ndi geni iyi sizigwirizana. Bola chilimba, kuja kosonkherana ndalama mosinthana.

Ndisananyamuke ndimafunsiratu makasitomala pa WhatsApp, kuti theka la katundu likhale ndi eni ake kale. Theka linalo ndi loyesera msika.

Anyamata a njinga adzakuuza za njira ya zalewa, yozemba boda. A msonkho akakugwira amalanda zonse, ndipo ulibe pepala lokadandaulira. Ulendo woyamba tidzapite limodzi, udzatenge kope lako ndi theka la mpamba basi.