Kusamukira ku Tete ndi ana, galu ndi ziweto

Achemwali, mwafunsa kuti popeza ife timaoloka ndi katundu pa chipata cha Dedza, inu mungasamuke bwanji ndi ana, galu, mphaka, nkhuku ndi nkhumba ziwiri kutsatira bambo a ana amene apeza ntchito ku Tete.

Kuno malire tinawazolowera mopitirira. Pa Lizulu munthu amagula kachewere mbali ya Malawi, n'kudumpha msewu wa M1 kukagula mafuta ophikira ku Mozambique, womufunsa palibe. Komatu kumeneko n'kugula chabe. Wosamuka mapepala ake safunsidwa pa Calómuè pokha, chipata cha mbali ya Mozambique choyang'anizana ndi cha Dedza. Apolisi apamsewu adzawafuna, kusukulu adzawafuna, a SENAMI oona zolowa ndi kutuluka m'dzikomo adzawafunanso.

Yambani ndi galu, ndiye amadya masiku. Iye ndi mphaka abayidwe katemera wa chiwewe kutatsala masiku osachepera 30 kuti munyamuke, ndipo katemerayo asakhale wopitirira chaka. Khadi lake lionetse tsiku, nambala ya botolo la katemera ndi chidindo cha dokotala wa ziweto. Apa ndi pamene ambiri amagwa: galu anabayidwadi pa kampeni ya m'mudzi, koma kapepala kanasowa kalekale, ndiye pachipata amamuwerengera ngati wosabayidwa. Kagalu kosakwana miyezi 3 kawirikawiri sikabayidwa, kasiyeni kwa abale kadzabwere pambuyo.

Kenaka pali mapepala awiri, ndipo amatsatana. Loyamba ndi chilolezo cholowetsera nyama, chimene bambowo akapemphe ku ofesi ya zaulimi ku Tete. Chikafika m'manja mwanu, m'pamene mupite ndi nyamazo kwa dokotala wa ziweto waboma kuti aziyeze, alembe kalata yoti zili bwino. Kalatayi imatha mphamvu m'masiku ochepa, choncho itengeni sabata yonyamukayo. Mukayamba ndi kalata, idzafera m'chikwama mukudikira chilolezo.

Nkhumba gulitsani, musavutike nazo. Chigodola chilibe mankhwala, ndipo chimasautsa mbali zonse ziwiri, kuno ndi kutsidya ku boma la Angónia komwe, n'chifukwa chake nkhumba ngakhale nyama yake amaziyang'anitsitsa. Nkhuku nazo, poopa chitopa, zimafuna mapepala odula kuposa nkhukuzo. Akabwera wa kabaza n'kunena kuti azidutsitsa njira yachidule usiku, dziwani kuti zikagwidwa zalandidwa, iye ndalama yake walandira kale.

Galu wokulira m'chisanu cha ku Dedza, Tete amamupweteka. Mu Okutobala ndi Novembala kumeneko kumafika madigiri 40. Nyamukani m'mamawa kuti chipata chikamatsegulidwa mukhale muli pomwepo. Adye pang'ono usiku, m'mawa madzi okha, kuopa kusanza. Tengani chigubu cha malita 5 ndi kambale, muziima pamthunzi pakapita maola awiri alionse. Bokosi lake likhale lobowola mbali zonse, loti angathe kuimirira n'kutembenuka, ndipo lisakhale pansi pa lona kapena m'buti. Akayamba kuwefuka kwambiri, dovu lili chuchuchu, imani mum'nyowetse pamimba ndi m'mapazi. Mphaka mukafika mum'tsekere m'nyumba masabata awiri, apo ayi mudzangoona wasowa.

Za ana tsopano. Aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake, ngakhale wakumsana, komanso chikalata cha kubadwa chochokera ku NRB. Poti mukuyenda nokha, bambo awo alembe kalata yovomereza, asayine, aphatikize fotokope ya pasipoti yawo. Chiphaso cha pachipata chija timagwiritsa ntchito pokaoda ku Ulónguè, tauni ya ku Angónia, musachidalire, n'cha ulendo waufupi basi. Pasipoti ya Malawi imakupatsani masiku 30 popanda viza. Kukhazikika kumafuna chiphaso chotchedwa DIRE, ndipo wopitiriza masiku amalipitsidwa chindapusa chowerengera tsiku lililonse. Muyambe kuyendera DIRE sabata yoyamba yomwe.

Sukulu kumeneko zimatsegulira kumayambiriro kwa chaka, osati Seputembala ngati kuno, ndipo mayeso amalembedwa m'Chipwitikizi. Chichewa chidzawathandiza kumsika, osati m'kalasi. Ine ndikanati musamuke mu Disembala kapena Januwale, mutatenga kalata zosamutsira ndi malipoti awo. Musaiwale mabuku a kuchipatala ndi masikito, udzudzu wa m'mbali mwa Zambezi si wa kuno. Ngati wina amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, achipatala akupatseni kalata yosamukira ndi mankhwala okwana mpaka mutalembetsa kwinako.

Katundu wa m'nyumba mulembe pamndandanda, makope awiri, wina wa a MRA wina wa a kasitomu a uko. Musasakanizemo mabelo kapena zinthu zatsopano zogulitsa, chifukwa zonse adzaziona ngati malonda. Galimoto ikakhala yanu, inshuwalansi ya COMESA kumeneko sigwira, mugula ina pachipata. Posintha ndalama werengani mameticais nokha musanapereke makwacha, ndipo osintha akafuna kuwagwiranso mutawerenga kale, yambiraninso kuwerenga.