Tifunseni: kodi "bug" inachokeradi ku kachilombo?

Funso: Akonzi, ndangoyamba kumene kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Pulogalamu ikamavuta anzanga amati ili ndi "bug", ndipo wina akuti mawuwa anayamba kachilombo katalowa m'kompyuta. Kodi n'zoona? Nanga "patch" ndi "heisenbug" n'chiyani?

Yankho: Kachilomboko kanalowadi, koma mawuwo analipo kale. Pa 9 Seputembala 1947, akatswiri a pa yunivesite ya Harvard ku America anapeza kagulugufe katakanirira pa relay nambala 70 ya kompyuta yotchedwa Mark II. Relay ndi swichi yotseka ndi kutsegula yokha ndi magetsi. Anakachotsa n'kukamata ndi tepi m'buku lomwe ankalembamo za ntchito yawo, ndipo bukulo likusungidwa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Smithsonian, mumzinda wa Washington. Grace Hopper, katswiri wina wotchuka wa mapulogalamu a kompyuta, ankakonda kuisimba nkhaniyi, n'chifukwa chake inafala. Komatu katswiri wopanga makina Thomas Edison anali atalemba kale mawu oti "bugs" m'kalata yake ya 1878, kunena timavuto ta m'makina ake. A ku Harvard aja ankangoseka kuti lero lokha apeza kachilombo kenikeni.

Masiku ano bug siyichita kuuluka, amaiyika ndi wolemba pulogalamu. Yotchuka ndi "off-by-one", kutanthauza kuphonya ndi nambala imodzi powerenga. Mndandanda ukakhala ndi zinthu 10, zilankhulo zolembera mapulogalamu za C ndi Python zimawerenga kuyambira 0 kulekezera 9. Mukaitanitsa cha nambala 10, Python imaima n'kulemba IndexError, pomwe C nthawi zambiri imangotola zomwe yapeza pamalo a eni mu memory, osadandaula. Yachiwiriyi ndiye yoopsa, chifukwa vuto limadzatulukira kwina.

"Patch" ndi chigamba basi. Kale mapulogalamu ankasungidwa pa makadi ndi matepi a pepala oboolaboola, ndiye bowo lolakwika ankalimata chigamba. Dzinalo linatsalira pa kachidutswa ka code kokonzera cholakwika.

"Heisenbug" ndi nthabwala yochokera pa dzina la wasayansi Werner Heisenberg, yemwe ananena kuti kuyeza tinthu tating'onoting'ono kwambiri kumatisintha. Iyi ndi bug yomwe imabisala mukangoyamba kuisaka. Kawirikawiri zimatero ma thread awiri (magawo a pulogalamu oyenda nthawi imodzi) akamalimbirana kusintha nambala imodzi. Mukaikapo mzere wa print (woonetsa uthenga pa sikirini) kapena kutsegula debugger (pulogalamu yosakira ma bug), liwiro limasintha ndipo sawombananso. Musanyengeke kuti yatha. Pezani malo omwe onse awiri akulembapo, muikepo lock kuti azilowa mmodzimmodzi, kenako muyendetse pulogalamuyo maulendo ambirimbiri mutachotsa print uja.