Akuti mzere wa m'dzanja langa ndi waufupi

Azakhali,

Loweruka lapitali pamsika wa Limbuli bambo wina wa jekete yofiira anandigwira dzanja, akuti amaona moyo wa munthu m'chikhatho. Ndinamupatsa K2,000. Anandiuza kuti mzere wozungulira chala chachikulu ndi waufupi, sindidzafika zaka 50. Pano ndili ndi 43, ndimathyola tiyi, ana atatu akadali pasukulu. Tulo sindikupeza. Anati nzeruzi n'zakalekale, zinalembedwa m'mabuku. N'zoona?

Mayi wodandaula, Mulanje

Mayi,

Pa zakalezo sananame. Amwenye ali ndi zolemba zakale zotchedwa Samudrika Shastra zomasulira zizindikiro za pathupi, m'manja momwe. Aristotle, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, analemba kuti amene mizere yake imadutsa chikhatho chonse amakhalitsa. Koma Aristotle yemweyo analembanso kuti akazi tili ndi mano ochepa kuposa amuna. Ine ndikanakhalapo ndikanangomuyasamulira kuti awerenge yekha!

Ndipo m'mabuku momwemo mulinso madandaulo. Ku England, lamulo la 1530 la mfumu Henry VIII linkanena za anthu olanda anzawo ndalama poona m'manja, ndipo lamulo la 1824 linkalanga oombeza motere. Komabe ntchitoyi sinathe. Munthu wina wa ku Ireland wodzitcha Cheiro anatchuka nayo ku London mpaka kuona dzanja la mlembi Mark Twain. Kwathu kuno makolo ankaombeza ula, ndipo a mchape, osaka mfiti amene anachokera kuno ku Mulanje cha m'ma 1930 ankayang'ana pa kalilole. Za m'chikhathozi n'zobwera.

Mizereyo ndi mopindikira khungu basi. Imayamba mwana ali m'mimba, cha m'mwezi wachitatu. Funyani dzanja pang'onopang'ono, muona likupindikira momwemo. Agogo anga anafika zaka 90, ndipo chikhatho chawo chinali zikang'a zokhazokha ndi khasu, mzere osaoneka n'komwe.

Ngati mtima sukukhazikikabe, pitani kuchipatala cha pafupi. Namwino nayenso amayang'ana m'chikhatho, koma iye amaona ngati chayera, chizindikiro cha kuchepa kwa magazi. Akuyezeninso BP, pa zaka zanuzo n'kofunika. Bambo wa jekete uja akadzakuitananinso, K2,000 yanu mukagulire ana usipa.

Azakhali